Mphepo ikamakuwombani makofi pa njinga yamoto

Aliyense amene adayendapo ulendo wautali pa njinga yamoto pamsewu wa tala akukudziwa kutopa kwina kumene sikufanana ndi kutopa kwa khasu. Munthu wangokhala pampando maola awiri, sadanyamule kanthu, koma pofika khosi lauma gwaa, mapewa akuphwanya, m'makutu mukulira ngati mwalowa nyenje. Ambiri amati ndi msewu woipa kapena mashoko otha. Nthawi zina n'zoona. Koma kawirikawiri wolakwa amakhala mphepo, makamaka ija yogwedeza chipewa uku ndi uku ngati wina akukuwombani makofi osalekeza, mpaka zikwangwani za m'mbali mwa msewu kumaoneka ziwiriziwiri.

Ine ndine mphunzitsi wa Physics ndi masamu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Ntcheu. Njinga yamoto ndiyo miyendo yanga. Kuboma, kubanki, kumisonkhano ya aphunzitsi, kukaona makolo, konseko ndimadutsa pa M1. Pamsewu womwewo ndimakumana ndi alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya ali pa njinga zikuluzikulu zoyendera maulendo aatali, ndipo masiku ano Amalawi enanso ali nazo njinga zotere. Chimene ndikufuna kugawana ndi awerengi anzanga n'chakuti chimene chimazunza wokwera si kuchuluka kwa mphepo ayi, koma kuphwanyika kwake. Amene wamvetsa mfundo imeneyi sathamangira kukagula galasi lalitali lotchinga mphepo. Amayamba wafufuza kumene makofiwo akuchokera, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake amakhala otsika mtengo.

Mpweya umalemera

Ophunzira anga amaseka ndikawauza kuti m'kalasi mwathu muli mpweya wolemera ngati matumba a chimanga. Koma masamu sanama. Mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse umalemera pafupifupi makilogalamu 1.2 m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kuno kumapiri umapepukako pang'ono. Chipinda cha mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi ndi 3 kupita m'mwamba chimasunga mpweya wokwana pafupifupi makilogalamu 200. Amenewo ndi matumba anayi. Njinga ikamathamanga imakhala ikukankha katundu ameneyu kuti ipeze podutsa, ndipo katunduyo amabwezera.

Kubwezerako sikukula mofanana ndi liwiro. Mukawonjezera liwiro kawiri, mphamvu ya mphepo imachuluka kanayi. Munthu wokhala chilili pa njinga yopanda chotchinga, akuthamanga makilomita 100 pa ola, iye ndi njinga yake akukankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa theka la thumba la chimanga, kapena kuposerapo pang'ono. Pa makilomita 50 pa ola mphamvu yomweyo imatsika kufika pa makilogalamu 6 kapena 7 okha. Chinanso n'chakuti thupi silimva liwiro lolembedwa pa wotchi ya njinga, limamva liwiro la mphepo yolifikira. Ngati wotchi ikuonetsa 80 ndipo mwera wa makilomita 20 pa ola ukukuwombani kumaso, thupi lanu lili pa 100.

Komabe kukankha kokhazikika koteroko thupi limakuzolowera. Mumangoweramira kutsogolo pang'ono, mphepo n'kumakuchirikizani pachifuwa. Chotopetsa ndi china.

Mphepo yosalala ndi mphepo yachipwirikiti

Imani pamlatho muyang'ane mtsinje. Pamene palibe chotchinga, madzi amayenda mosalala, mizeremizere. Pamene pali mwala, madzi amagawikana, ndipo kuseri kwa mwalawo amazungulira, kubwerera m'mbuyo, kuchita timafunde topanda dongosolo. Tsamba likagwera pamenepo limangovina malo amodzi. Mpweya umachita chimodzimodzi, kungoti maso sauona.

M'chaka cha 1883 katswiri wina wa ku Manchester, Osborne Reynolds, adathira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi. Madzi akamayenda pang'onopang'ono utoto unkapanga kamzere kowongoka ngati ulusi. Atawonjezera liwiro, kamzereko kadaphwanyika n'kubalalika paipi yonse. Pambuyo pake, mu 1911, Theodore von Kármán adafotokoza mmene mphepo kapena madzi odutsa chinthu chotchinga amasiyira timikuntho tozungulira kuseri kwake, kena kuchokera kumanzere, kena kumanja, mosinthanasinthana. N'chifukwa chake mawaya amagetsi amaimba mluzu kukachita mphepo. Makofi amene wokwera njinga amamva pachipewa ndi a mtundu womwewu: timikuntho tikumufikira motsatizana, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo minofu ya m'khosi ikulimbana n'kalikonse.

Tsono taganizani za galasi lotchinga mphepo, lija limaikidwa kutsogolo kwa mahandulo. Galasilo ndi mwala wa mumtsinje uja. Mphepo ikaligunda imakwera, n'kudumpha pamwamba pake. Kuseri kwenikweni kwa galasi kumakhala kabata. Pamwamba patali mphepo imayenda yosalala. Koma pakati pa ziwirizi pali lamba wa mphepo yophwanyika, woyambira pamlomo wa galasi n'kumakula akamapita kumbuyo. Ngati mutu wanu uli m'lamba ameneyu, ulendo wonse ndi makofi. Izi ndizo zimadabwitsa anthu ambiri: njinga yopanda galasi imakhala ndi mphepo yambiri koma yosalala, pamene ya galasi losayenera msinkhu wa mwini wake imakhala ndi mphepo yochepa koma yozunza.

Pali chachiwiri. Kuseri kwa galasi mpweya umachepa mphamvu, ndiye malowo amayamwa mpweya wina kuchokera pansi, kudzera m'mbali mwa mafoloko ndi thanki. Mpweya umenewu umakwera pachifuwa n'kulowa kunsi kwa chipewa. Galasi likakula, kuyamwako kumakulanso. Munthu angathe kuwonjezera galasi lalitali n'kupeza kuti makofi a pamwamba atha koma chibwano chayamba kunjenjemera.

Opanga njinga akhala akulimbana ndi vutoli kwa zaka zambiri. Mu 1976 kampani ya BMW idatulutsa njinga ya R 100 RS, imene chotchinga chake chidayesedwa m'chipinda chapadera chopemerera mphepo asadayambe kuigulitsa. Honda Gold Wing yotuluka kuyambira 2018 ili ndi galasi lokwera ndi kutsika pongodina batani. Phunziro lake n'loonekeratu. Ngakhale akatswiri okhala ndi zipangizo zonse adavomereza kuti palibe galasi limodzi lokwanira wamtali ndi wamfupi yemwe. Wogulitsa akakuuzani kuti galasi lake limathetsa mphepo kwa aliyense, dziwani kuti akufuna ndalama yanu.

Fufuzani musanagule kanthu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani msewu wowongoka, wopanda maenje, nthawi imene kulibe magalimoto ambiri ndiponso kunja kuli bata, monga m'mawa. Musanyamule munthu. Yendani paliwiro lapakati limene makofi amayambira, osapitirira malire olembedwa pazikwangwani.

Choyamba, wongolani msana, mutu ukwere pang'ono. Kenako weramani pang'ono, mutu utsike. Mverani pamene phokoso ndi kugwedezeka zikuchepa. Ngati bata mukulipeza mutangowerama masentimita atatu kapena asanu, ndiye kuti lamba uja akungokhudza pamwamba pa chipewa, ndipo kukweza galasi pang'ono kungathandize. Ngati bata mukulipeza mutakweza mutu, ndiye kuti mphepo yosalala ili pafupi pamwamba panu, ndipo chofunika n'kutsitsa galasi kapena kuika lalifupi, kuti mphepo yophwanyika izigunda pachifuwa, mutu ukhale m'mphepo yosalala. Chifuwa sichidandaula ndi timakofi totere. Khosi ndilo limadandaula.

Chachiwiri, kwa kanthawi kochepa chabe, chotsani dzanja lamanzere pahandulo n'kuliika m'mbali mwa thanki, kenako kunsi kwa chibwano, kenako kuseri kwa galasi loonera kumbuyo. Pamene dzanja lachititsa kuti phokoso lichepe, pamenepo ndiye podzera mphepo yokuvutaniyo. Ambiri amadabwa kupeza kuti wolakwa ndi galasi loonera kumbuyo, makamaka lija lalikulu la makona anayi, kapena zotchinga manja za pamahandulo. Kungolitembenuza pang'ono, kapena kulisunthira kunja, kumasintha zinthu.

Chachitatu ndi chimene ndimachikonda monga mphunzitsi, chifukwa chimaonetsa mphepo ndi maso. Dulani tizingwe ta ulusi wolukira majuzi, totalika masentimita 10, mutimate ndi selotepi pamlomo wa galasi, m'mbali mwake, pathanki ndi pamikono ya jekete. Kumene mphepo ili yosalala kachingwe kamagona chowongoka. Kumene ili yophwanyika kamavina. Kumene mpweya ukubwerera, kachingwe kamaloza kutsogolo kapena m'mwamba. Musamatiyang'anitsitse mukuyendetsa, kuponyako diso kamodzi n'kokwanira.

Chachinayi, masulani galasi lonse muyende popanda ilo. Ngati mutu wakhazikika, mwadziwa kuti galasi ndilo gwero. Ngati ukugwedezekabe, yang'anani chipewa ndi zovala. Lamulo la kuyesa kulikonse ndi limodzi, lomwe timaphunzitsa ana a Fomu 1: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani m'kope zimene mwapeza. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Njirazi ndidaziona zikugwira ntchito pa njinga ya alamu anga, amene adabwera nayo kuchokera ku Joni, ya injini ya 650cc, yokhala ndi galasi lalitali ndithu. Iwo ndi munthu wamtali. Ankadandaula kuti akangopitirira makilomita 80 pa ola mutu umachita ngati si wawo, ndipo adali atatumiza kale uthenga kwa mnzawo kuti awafunire galasi lalitali kuposa limenelo.

"Alamu, dikirani kaye," ndidatero. "Tiyese Loweruka lino. Mukapanda kuona kusintha, mudzaitanitse."

Titayesa, zidaoneka kuti bata ankalipeza pokhapokha chibwano chitatsala pang'ono kugunda thanki. Koma akangodzuka pang'ono pampando, mphepo inkakhala yosalala. Galasi lowabisa munthu wamtali chotero likadafunika kupitirira maso awo. Tidalitsitsa kufika pamabowo apansi, tidaika mawashala a mphira pamabawuti kuti kunsi kwake kutseguke mpata wa masentimita awiri, ndipo tidamasula kadenga kotchinga dzuwa kamene kadali pachipewa chawo. Atabwerako kokayesa adati, "Alamu, mphepo yachuluka pachifuwa, koma mutu wakhala pansi." Ndalama imene idatuluka ndi ya mawashala basi.

Galasi loyenera

Mpata wa kunsi uja uli ndi ntchito yake. Umalola mpweya pang'ono kudutsa kuseri kwa galasi, kotero kuyamwa kuja kumachepa ndipo mphepo yodumpha pamwamba siphwanyika kwambiri. N'chifukwa chake magalasi ambiri a njinga zoyendera maulendo aatali amakhala ndi bowo kapena mpata pansi. Mukaona bowo lotero musalitseke poganiza kuti n'chilema. Palinso kagalasi kakang'ono kopanikiza pamlomo wa galasi lalikulu, kamene kamaponyera mphepo m'mwamba popanda kutchinga maso. Kameneka n'kothandiza kwa amene bata amalipeza atangowerama pang'ono. Kwa amene mphepo imawalowera pansi, tizotchinga ting'onoting'ono ta m'mbali mwa thanki kapena mwa mafoloko ndito mankhwala.

Amene wasankha galasi lalitali akumbukire kuti msewu tiyenera kuuona pamwamba pa galasi, osati kudzera m'galasi. Mukakhala pampando monga mwa nthawi zonse, mlomo wa galasi ukhale cha pamphuno kapena pakamwa, ndipo muzitha kuona tala pamtunda wa mamita 15 kutsogolo popanda kusuzumira. Kwathu kuno chifukwa chake n'chosachita kufunsa. Pa Dedza ndi pa Chikangawa pamagwa nkhungu yoti galasi limachita mbuu. Kunyanja kuli nkhungu inayo, ya tizilombo touluka, imene imamata paliponse. Onjezanipo fumbi, ngumbi za mvula yoyamba ndi nyali za galimoto usiku. Galasi lokandika limene lafika m'maso limasanduka khoma.

Galasi la njinga limapangidwa ndi pulasitiki yolimba yoonekera. Galasi la pawindo la nyumba kapena chidutswa cha lata siziyenera kufika pamahandulo ngakhale pang'ono, chifukwa tsiku la ngozi zimasanduka mpeni wolunjika pakhosi. Ngati mwadula galasi kuti lifupike, salazani mlomo wake bwinobwino.

Kwa ife a njinga zing'onozing'ono za 125cc ndi 150cc, kuphatikizapo anzathu a kabaza, pali chenjezo lina. Pa njinga zikuluzikulu chotchinga chimakhala chomangirira kuthupi la njinga, ndiye mphepo ikachigunda imakankha njinga yonse. Pa zathuzi chimamangidwa pamahandulo. Chikakula, chimakhala ngati thanga la bwato lomangidwa pachiwongolero: mphepo ikawomba cham'mbali imakhotetsa tayala lakutsogolo inu musadafune. Pa njinga yopepuka kagalasi kakang'ono kofika pachifuwa n'kokwanira. Ambulera yomangirira pa njinga ingateteze kudzuwa m'tauni, koma pa M1 ndi msampha.

Chipewa, jekete ndi makutu

Theka la nkhaniyi lili pathupi la wokwera. Zipewa zambiri zimene timagula pamsika n'zazikulu kuposa mitu yathu. Chipewa cholobodoka chimavina pachokha, ndipo mphepo ikachilowa kunsi chimafuna kuuluka, lamba n'kumakoka pakhosi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Chivaleni, mangani lamba, chigwireni ndi manja awiri n'kuchitembenuza. Masaya ndi khungu la pachipumi ziyenera kuyenda nacho. Ngati chikuzungulira chokha mutu uli phee, si chanu. Chipewa chotseka nkhope yonse chimadula mphepo bwino kuposa chotsegula, makamaka kagalasi kake kakatsekedwa mpaka pansi. Kadenga kotchinga dzuwa n'kabwino pamsewu wafumbi paliwiro lochepa, koma pa tala mphepo imakagwira ngati dzanja likukukokerani mutu m'mbuyo. Chipewa cha omanga nyumba sitikuchiwerengera n'komwe. Chidapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati mutu wogunda tala.

Phokoso lambiri limalowera pampata wa pakati pa chipewa ndi khosi. Kansalu kokulunga m'khosi, nsonga zake zitalowetsedwa m'jekete, kamatseka mpatawo. Jekete nayo ikhale yothina bwino, zipi atakokedwa mpaka pamwamba, mikono yomanga. Jekete yotukumuka imakupiza ngati mbendera, ndipo kukupiza kulikonse kumakoka mapewa, mapewa n'kukoka mahandulo. Pali anthu amene amaganiza kuti njinga yawo ili ndi vuto la chiwongolero pamene vuto ndi jekete ya kaunjika ya munthu wonenepa kuwaposa.

Za makutu ndilankhule motsindika, chifukwa ntchito yanga ndi ya makutu. M'kalasi yodzaza ndiyenera kumva mwana wamanyazi wa kubenchi yakumbuyo akuyankha chapansipansi. Akatswiri a zaumoyo pantchito amati phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu patsiku ndiye malire, ndipo likakwera, nthawi yopirira imafupika msanga. Phokoso la mphepo m'chipewa paliwiro la pamsewu waukulu limapitirira malire amenewa, ngakhale chipewa chikhale chodula. Kulira kwa m'makutu mukatsika pa njinga ndi chizindikiro chakuti timinyewa ta m'kati mwa khutu tavulala, ndipo timeneti tikafa sitimeranso. Tizotsekera m'makutu tasiponji, timene amagwiritsa ntchito ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'zigayo, timapezeka m'masitolo ena a zipangizo zomangira pamtengo wochepa. Timachepetsa mkokomo wa mphepo koma hutala imamvekabe. Thonje silichita zambiri. Mahedifoni oimba nyimbo amangowonjezera phokoso pa phokoso linzake.

Katundu ndi wokwera kumbuyo

Chilichonse chotuluka m'mbali mwa njinga chimagwira mphepo. Matiresi opingasa, chitseko, dengu lalikulu, katoni ya mabuku yoimika pakaliyala, zonsezi zimasandutsa njinga kukhala thanga. Katundu wolemera akhale pansi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga, wogawidwa mofanana mbali zonse, womangidwa kuti pasakhale chokupiza. Bokosi lalitali la kumbuyo, limene njinga zambiri zoyendera maulendo zimakhala nalo, limasiya mpata pakati pa msana wa woyendetsa ndi bokosilo, ndipo mphepo imazungulira m'menemo n'kumamukankha kumsana. Chikwama chofewa chomangidwa pampando wakumbuyo chimadzaza mpatawo.

Wokwera kumbuyo ndiye amalandira makofi ambiri, poti mphepo imene yadumpha woyendetsa imatsikira pa iye. Akhale moyandikira, mawondo atapana njinga, chipewa chake chikhalenso chomukwana. Amayi akwere chitenje atachikulunga bwino, chifukwa nsonga yokupiza, kuwonjezera pa kukoka, ingathe kulowa m'masipoko kapena mutcheni.

Mathiraki ndi mwera

Pali mphepo ina imene galasi silingathetse. Thiraki yodzaza ikamabwera kutsogolo kwanu imakankha mpweya wambiri m'mbali. Poyamba mumamva kukankhidwira kunja. Mukafika m'mbali mwake mumamva kukokedwera kwa iyo. Ikangodutsa mumalowa m'chipwirikiti chimene yasiya. Zonsezi zimachitika m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Mukaiona ikubwera, chepetsani liwiro msanga, sunthirani kumanzere kwa mbali yanu koma osafika pamlomo wodyeka wa tala pamene pali apanjinga zakapalasa ndi oyenda pansi, panani thanki ndi mawondo, weramani pang'ono. Manja agwire mahandulo mofewa, zigongono zitapindika. Ichi n'chovuta kukhulupirira chifukwa mantha amatiuza kugwiritsa, koma mikono youma imatenga kugwedezeka konse kwa thupi n'kukupereka kutayala lakutsogolo. Njinga yothamanga imadziwongola yokha ngati woyendetsa sakulimbana nayo.

Kutsatira thiraki kapena basi pafupi n'kukhala dala kuseri kwa mwala wa mumtsinje. Kumeneko mphepo ndi yophwanyika yokhayokha, maenje simuwaona, ndipo woyendetsa thirakiyo sakukuonani. Siyani mpata wa masekondi atatu kapena kuposerapo.

Kuyambira mwezi wa May mpaka cha mu September mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa. Asodzi amaudziwa bwino, koma ife apamsewu timauiwala. Wochokera ku Nkhotakota kupita ku Salima pa M5 amakumana nawo kumaso ndi cham'mbali. Pamtunda wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene M1 imatsata malire a Mozambique, malo ndi okwera ndiponso oyera, mitengo yotchinga ndi yochepa. Mphepo ya cham'mbali yokhazikika siivuta, njinga imangopendekera pang'ono kumene mphepo ikuchokera. Choopsa ndi pamene ikuduka ndi kuyambanso mwadzidzidzi: potuluka kuseri kwa phiri, pothera mzere wa mitengo ya bulugamu kapena wa masitolo, pamlatho, pomaliza kupitirira basi. Malo otere amaoneka patali. Udzu, utsi ndi zovala zoyanika zimakuuzani kumene mphepo ikulowera. M'mwezi wa October onjezanipo kamvulumvulu. Mukamuona akudutsa msewu, mulekeni adutse.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri. Ngati chogwedezeka ndi mutu ndi mapewa, ndi mphepo. Ngati mahandulo akupukusa okha, kapena njinga yonse ikuyenda ngati njoka, musanamizire mphepo. Yesani mpweya wa m'matayala asadatenthe, onani ngati matayala adadyeka mbali imodzi, ngati masipoko ali olimba, ngati mabering'i a pakhosi pa chiwongolero ali bwino, ndiponso ngati katundu sadalemere kumbuyo kwenikweni. Limenelo ndi vuto la kwa makaniko, ndipo silidikira mwezi uthe.

Mankhwala aakulu ndi a ulere

Ndasungira kumapeto chinthu chimene ambiri sakonda kumva. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi pafupifupi makilomita 85. Pa makilomita 100 pa ola, mutapanda kuima paliponse, ndi mphindi 51. Pa 80 ndi mphindi 64. Kusiyana kwake ndi mphindi 13, zosakwana ndi nthawi yophikira nsima. Koma mphamvu ya mphepo pa 80 ndi yochepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi pa 100. Makofi amachepa, phokoso limachepa, mafuta amene masiku ano tikuwagula modandaula amakhalitsa, ndipo mbuzi ikadumphira pamsewu mumakhala ndi mpata woima. Palibe galasi la mtengo uliwonse limene lingakupatseni zonsezi pamodzi.

Kutopa kwa mphepo si nkhani ya kusasangalala chabe. Munthu amene mutu wake wagwedezeka kwa ola lathunthu maso ake amachedwa kuona dzenje, ndipo dzanja limachedwa kufika pabuleki. Paulendo wautali ndi bwino kuima pakatha ola lililonse kapena ola ndi theka, kuvula chipewa, kumwa madzi, kutembenuza khosi. Amene amaphunzitsa kuyendetsa njinga, ndi atsogoleri a magulu a kabaza, angachite bwino kuika nkhani ya mphepo pamaphunziro awo, pafupi ndi ya mabuleki ndi zikwangwani. Achinyamata ambiri amene lero akunyamula anthu pakati pa misika ya pa M1 adaphunzirira pabwalo la mpira, pamene thiraki sidutsa.

Kwa mnzanga amene mwezi uno wasunga kangachepe kuti agule galasi, ndikuti yambani ndi zimene zili kale m'manja mwanu. Mangani lamba wa chipewa, kokani zipi wa jekete, tsitsani katundu, tsekani makutu, bwezani dzanja lamanja pang'ono. Kenako tengani ulusi ndi selotepi mukaone kumene mphepo ikudzera. Mukadzafika kusitolo mudzakhala mukudziwa kutalika kwa galasi limene mukufuna, kapena mudzapeza kuti ndalamayo ndi bwino igule chipewa chokukwanani.